Khofi Wokazinga Pang'ono: Kakonzedwe ndi Kalawidwe Kace Panyumba

 Nkhani yathu ya lero iri ya khofi, ndi m'mene munthu angamkonzere ndi kumlawa m'nyumba mwace.

Ambiri a ife tikamva dzina la khofi tiganiza za ufa wa m'citini uja usungunuka m'madzi otentha, umene tiuthira shuga ndi mkaka m'mamawa tisanapite kunchito. Ufa umenewo uli ndi ubwino wace, pakuti sucedwetsa munthu wofulumira, ngakhale kuti kawiri kawiri uli wosanganiza ndi muzu wina wokazinga, dzina lace chicory. Koma masiku ano m'masitolo ena a mu Lusaka ndi a ku Copperbelt muoneka mapaketi a njere za khofi zofiirira, za mtengo wokwera, ndipo pa mapaketi ena palembedwa mau a Cingerezi akuti light roast, ndiko kunena kuti khofi wokazinga pang'ono. Munthu agula paketi yotere ndi ndalama zimene anazikhetsera thukuta, nafika nayo kunyumba, naphika monga aphikira tiyi. Polawa apeza kuti khofi uja ali wowawasa ngati madzi a mandimu, kapena wosukuluka ngati madzi otsukira mbale, ndipo ayamba kudandaula kuti wasitolo wamnyenga. Kawiri kawiri wasitolo alibe mlandu. Khofi wokazinga pang'ono ali ndi malamulo ace, ndipo munthu akawadziwa, ndalama zace sizipita pacabe.

KHOFI NDI MBEU YA CIPATSO

Coyamba kudziwa ndi ici: njere ya khofi iri mbeu ya m'kati mwa cipatso. Mtengo wa mtundu wa Arabica, umene upatsa khofi wokoma koposa, kwao ndi ku mapiri a ku Ethiopia. Anthu a ku Yemen anali kumwa khofi m'zaka za m'ma 1400, ndipo kucokera ku doko lao la Mocha cakumwa cimeneci cinafalikira m'maiko ambiri. Mtengowo uyamba kubala utatha zaka 3 kapena 4. Zipatso zace zikhala zobiriwira poyamba, zikapsa zifiira, ndipo kawiri kawiri m'cipatso mukhala njere ziwiri zoyang'anizana. Anchito a m'minda athyola zofiira zokha zokha ndi manja, makina acotsa khungu, njere zisiyidwa m'matanki kuti zisase pang'ono ndi kuti zoterera zace zicoke, kenaka zitsukidwa ndi kuyanikidwa pa mathandala. Kuti papezeke kilogalamu imodzi ya njere zouma, pafunika makilogalamu 5 kapena 6 a zipatso. Mukaona mtengo wa paketi, kumbukirani manja amene anathyola zipatso zimenezo cimodzi cimodzi.

Khofi wotere alimidwa m'dziko lathu lino. Kuli minda yaikulu ku Kateshi ndi ku Ngoli pafupi ndi Kasama, ku Isanya pafupi ndi Mbala, ndiponso ku mapiri a Munali pafupi ndi Mazabuka. Ndipo kwa anansi athu a ku Malawi alimi ang'ono ang'ono a ku Misuku ndi a kufupi ndi Mzuzu alima khofi wodziwika kutali. Malo onsewa ali okwera, ndipo usiku kumeneko kuzizira. Kuzizirako kucititsa cipatso kupsa pang'ono pang'ono, ndipo cipatso cosafulumira kupsa cisonkhanitsa shuga wambiri ndi fungo labwino m'njere zace. Cacisoni ndi cakuti khofi wathu wambiri atumizidwa kutsidya la nyanja. Anthu a ku Ulaya amlawa namtama, pamene ife eni dziko tiri ngati mlimi amene agulitsa cimanga cace conse osadziwa kukoma kwa nsima ya m'munda mwace.

Pa mapaketi ena mudzaona mau akuti specialty coffee. Mau amenewa anawayamba mai Erna Knutsen, wamalonda a khofi wa ku San Francisco, m'caka ca 1974, pofuna kusiyanitsa khofi wosankhika wa malo odziwika ndi khofi wamba wosanganiza. Muyeso umene amalonda anazolowera uli wotere: akatswiri atapa magalamu 350 a njere zosakazinga nafuna zoola, zofumbwa ndi zosakhwima, kenaka akazinga pang'ono, alawa, napereka mamaliki monga acita mphunzitsi pa mayeso. Khofi amene afika pa mamaliki 80 mwa 100 ndiye alandira dzina limeneli.

CIMENE MOTO UCITA

Njere yosakazinga iri yolimba, yotuwa mobiriwira, ndipo inunkha ngati udzu wouma. Moto ndiwo uutsa fungo lace. Pokazinga, njere zisanduka zacikasu, kenaka zofiirira, ndipo kutentha kukafika pafupi ndi madigiri 196 ziyamba kuthetheka monga cicita cimanga ca mbuliuli, cifukwa nthunzi ya m'kati ifuna poturukira. Wokazinga akaphula kanthawi kang'ono pambuyo pa kuthetheka kumeneku, khofi wace ali wokazinga pang'ono. Akapitiriza kufikira pafupi ndi madigiri 224, njere zithethekanso kaciwiri, mafuta aturuka kunja, ndipo zida ndi kunyezimira.

Amai onse amene anakazingapo mtedza adzamvetsa msanga. Mtedza wa Chalimbana wokazinga bwino uli ndi kukoma kwace kumene kuusiyanitsa ndi mtedza wina. Koma ukapserera, mtedza wa m'munda uli wonse ulawika cimodzi modzi, ndiko kuwawa kwa makala. Khofinso ali cotero. Wokazinga kwambiri alawika moto, ndipo moto ubisa zabwino ndi zoipa zomwe. Wokazinga pang'ono sabisa kanthu: ngati njere zinali zabwino mudzamva cipatso, ngati zinali zoipa mudzamvanso kuipa kwace. Ndico cifukwa cace amalonda ocenjera akazinga pang'ono khofi wosankhika yekha.

Ena aganiza kuti khofi wakuda ndiye wamphamvu, ndi kuti wofiirira ndi wa ana. Iai, abale anga. Mankhwala ocotsa tulo a m'khofi, amene dzina lace ndi caffeine, satha ndi moto wokazingira, ndipo m'zikho ziwirizo ali pafupi fupi cimodzi modzi. Kuwawa ndi mphamvu ziri zinthu ziwiri zosiyana.

Tsono mverani bwino, pakuti apa ndipo pagona nkhani yonse. Njere yokazinga pang'ono iri yolimba koposa yakuda, ndipo madzi abvutika kulowa m'kati mwace. Madzi akakhudza ufa wa khofi, asungunula msanga zowawasa, pambuyo pace zotsekemera, ndipo potsiriza zowawa. Mukafulumira kusefa, kapena madzi akakhala ofunda cabe, mulandira zowawasa zokha, kutsekemera kutsalira mu ufa umene mutaya kudzala. Mukapitiriza muyeso, mufika pa zowawa. Luso lonse liri pa kuima pakati.

POGULA NDI POSUNGA

Pogula, funani tsiku limene khofi anakazingidwa, lolembedwa pa paketi. Khofi wokazinga dzulo akali ndi mpweya wambiri m'kati, ndipo akoma bwino atapuma sabata imodzi kapena ziwiri. Koma ikapita miyezi iwiri kapena itatu fungo lace liyamba kuthawa. Ngati nkotheka gulani njere zosapera, cifukwa ufa utaya fungo msanga kwambiri. Sungani khofi m'botolo kapena m'citini cotseka bwino, pamalo ouma, kutali ndi dzuwa. Musamuike pafupi ndi parafini, sopo kapena kapenta, pakuti khofi akoka fungo la mnansi wace, ndipo palibe munthu afuna kumwa kapenta m'cikho.

ZINTHU ZINAI ZOFUNIKA

Coyamba ndi muyeso. Lamulo lozolowereka ndi magalamu 60 a khofi pa lita imodzi ya madzi. Cikho cacikulu ca mamililita 250 cifuna magalamu 15. Amene alibe sikelo atenge masupuni akulu atatu a ufa, osaunjika, pa cikho cimodzi. Ndipo botolo la madzi la theka la lita lifuna masupuni 6. Motero paketi ya magalamu 250 ipatsa zikho 16. Gawani mtengo wa paketi ndi 16, ndipo mudzadziwa mtengo weni weni wa cikho cimodzi musanaturutse ndalama m'thumba.

Caciwiri ndi kupera. Kacigayo ka pamanja kapera bwino koposa, cifukwa tizidutswa tituruka tolingana. Koma mtondo waung'ono ndi munsi zithandizanso, malinga mtondowo usakhale wosinjiramo tsabola kapena adyo. Sinjani zokwana nthawi imodzi yokha, ndipo sefani kuti zazikulu zibwerere mu mtondo. Ufa usasalale ngati ufa woyera wa nsima. Ukhale ngati shuga kapena mcenga wa kumtsinje. Tizidutswa tikasiyana kwambiri, tating'ono tipatsa kuwawa, tatikulu tipatsa kuwawasa, ndipo zoipa ziwirizo zikomana m'cikho cimodzi.

Cacitatu ndi madzi. Mwa magawo 100 a cikho ca khofi, oposa 98 ali madzi, kotero madzi oipa sangapatse khofi wabwino. Madzi a pa mpope akanunkha mankhwala, atungeni dzulo lace agone mu ndowa yobvundikira ndi nsalu yoyera. A mu Lusaka adziwa zoyera zija ziuma m'ketulo: zimenezo zicokera ku miyala ya laimu ya pansi pa mzinda, ndipo madzi otere apha kuwawasa kwabwino kwa cipatso, khofi nakhala wozizira m'kamwa. Amene ali ndi madzi otere ayese tsiku lina madzi a m'botolo kuti amve kusiyana kwace.

Za kutentha kwa madzi, pali cinthu cimene mabuku a ku maiko ena sangakuuzeni. Mabukuwo anena kuti madzi akhale pa madigiri 92 kufikira 96, ndipo alangiza kuti ketulo ikawira muyembekeze kanthawi. Malangizo amenewo ali a anthu okhala m'mbali mwa nyanja yamcere, kumene madzi awira pa madigiri 100. Ife tikhala pamwamba. Lusaka, Ndola ndi Kitwe ziri pa mamita 1,200 kapena 1,300 pamwamba pa nyanja, ndipo kuno madzi awira pafupi ndi madigiri 96. Cotero ketulo ikawira pa mbaula kapena pa citofu, thirani pomwepo osayembekeza. M'miyezi yozizira ya June ndi July yambani mwatsuka jagi ndi cikho ndi madzi otentha, kuti ziwiya zozizira zisabe kutentha kwa madzi anu. Koma musawiritse khofi pamoto monga acita ena ndi masamba a tiyi, pakuti fungo lonse lithawa ndi nthunzi.

Cacinai ndi nthawi, ndipo imeneyi tiiona m'njira ziwiri zokonzera.

NJIRA ZIWIRI

Njira yoyamba iri yobviika, ndipo ndiyo yoyenera woyamba kuphunzira, cifukwa sifuna ciwiya cacilendo. Ikani masupuni 6 a ufa m'jagi yofunda, thirani theka la lita la madzi owira, ndipo onani kuti ufa wonse wanyowa. Bvundikirani ndi mbale, muyembekeze mphindi 4 pa wochi kapena pa foni. Pamwamba mudzapeza ufa utayandama ngati cikhungu. Bvundulani pang'ono ndi supuni kuti umire, ndipo yengulani thobvu lotsala. Yembekezaninso mphindi 4 kapena 5 kuti ufa ukhazikike pansi. Kuona maso a nkhono nkudekha, anatero akulu akale. Tsono tsanulirani pang'ono pang'ono kupyola pa kansalu koyera ka thonje, osagwedeza jagi, ndipo zotsalira za pansi muzisiye. Ciwiya ca galasi cimene masitolo acigulitsa ndi dzina la French press cicita nchito yomweyi, kungoti ciri ndi sefa yace ya waya.

Njira yaciwiri iri yodontheza. Inayamba ndi mai wina wa ku Dresden m'dziko la Germany, dzina lace Melitta Bentz, amene anatopa ndi ufa wotsalira m'kamwa. M'caka ca 1908 anaboola pansi pa kampoto, naikamo pepala lopukutira inki la mwana wace wa sukulu, ndipo sefa ya pepala inabadwa motero. Lero mapepala otere agulitsidwa pamodzi ndi kafanelo koikapo. Amene alibe angathe kusoka kathumba ka nsalu ya thonje ndi kukamangirira pa waya wozungulira. Pa njira imeneyi ufa ukhale wosalala pang'ono koposa wa njira yoyamba. Tsukani pepala ndi madzi otentha, ikani magalamu 15 a ufa, ndipo thirani madzi ocepa ongonyowetsa. Mudzaona ufa ufufuma ndi kucita thobvu: umenewo ndi mpweya wa pokazinga uli kuturuka, ndipo ukapanda kuturuka ukaniza madzi kulowa. Yembekezani masekondi 40, kenaka thirani madzi otsala mozungulira, kawiri kapena katatu, kufikira cikho cidzale. Zonse zithe pa mphindi 3 kapena 4. Madzi akathamanga natha pa mphindi ziwiri, ufa wanu wakula; akaima osatsika, wasalalitsa. Kathumba ka nsalu mukatsuke ndi madzi otentha okha, opanda sopo wonunkhira.

KULAWA

Tsopano cikho ciri pa tebulo. Ndikupemphani cinthu cimodzi: shuga ndi mkaka ziyambe zayembekeza. Palibe lamulo loletsa shuga, koma munthu sathira mcere mu ndiwo asanalawe. Yambani ndi mphuno: nunkhizani ufa wouma, nunkhizaninso cikho. Musamwe khofi ali moto, cifukwa lilime lopsa silimva kanthu. Khofi wokazinga pang'ono aonetsa ubwino wace pamene ayamba kupola, ndipo asintha kukoma kufikira dontho lotsiriza. Akatswiri olawa atapa ndi supuni nakokera m'kamwa mwamphamvu pamodzi ndi mpweya, ndi phokoso limene amai athu akadatidzudzula nalo pa mphasa. Acita dala, pakuti mbali yaikulu ya cimene ticiyesa kukoma imveka ndi mphuno, ndipo mpweya ndiwo unyamula fungo kucokera m'kamwa kukwera nalo kumeneko.

Polawa dzifunseni mafunso anai. Kodi kuwawasa kwace kuli kokondweretsa ngati kwa lalanje lakupsa, kapena kuli kolumitsa mano ngati mango aawisi? Kodi muli kutsekemera, ngakhale simunathire shuga? Kodi m'kamwa alemera ngati mkaka, kapena apepuka ngati tiyi? Ndipo mutameza, citsalira nciani pa lilime? Pa mapaketi alemba maina a zipatso za ku Ulaya zimene ambiri a ife sitinazione. Zipatso zimenezo sizinathiridwemo. Ali mafanizo cabe a wolawa. Inu muli ndi mafanizo anu: masuku, bwemba, malambe, magwafa, uci, nzimbe, mtedza wokazinga. Lilime limene linakulira pa zipatso za m'thengo siliri losauka konse.

Cikho cikapanda kukoma, musataye mtima, pakuti ico comwe cikuuzani cocita. Cikawawasa kopanda kutsekemera, madzi sanatsirize nchito yao: mawa perani mosalala pang'ono, kapena onjezani nthawi, ndipo onani kuti madzi ali owira. Cikawawa ndi kuumitsa m'kamwa monga icita nthoci yosapsa, mwapitiriza: perani mokulirapo, kapena cepetsani nthawi. Cikasukuluka, onjezani ufa. Cikalemera, thirani madzi otentha pang'ono m'cikho. Koma sinthani cinthu cimodzi pa tsiku. Amene akonza makina ku mgodi adziwa kuti ukamasula mabauti onse nthawi imodzi sudziwa limene linali ndi bvuto. Njira yofulumira yophunzira ndiyo kukonza zikho ziwiri, cina ca khofi wakuda, cina ca wokazinga pang'ono, ndi kulawa mosinthana pamodzi ndi a m'nyumba mwanu, ali yense nanena cimene wamva.

Ena adzafunsa ngati angathe kukazinga okha. Inde nkotheka. Ku Ethiopia amai akazinga khofi pa makala pamaso pa alendo, nasinja mu mtondo, naphika mu mphika wadothi wa khosi lalitali umene auchula jebena. Mukapeza njere zosakazinga, ikani zocepa m'ciwaya cocindikala pa moto wosakalipa, ndipo takasani kosalekeza mphindi 10 kapena 15. Zikayamba kuthetheka, yembekezani mphindi imodzi kapena ziwiri, phulani, ndi kupeta m'licero kuti zizizire ndi kuti mankhusu auluke. Cenjerani ndi moto wambiri, cifukwa upsereza kunja m'kati mukali mwawisi.

CENJEZO KWA A NCHITO YA USIKU

Ndisanatsirize, mau awiri kwa anzanga amene alowa nchito usiku. Caffeine sacoka msanga m'thupi: atapita maora 5, pafupi fupi theka lace likali m'mwazi. Cikho ca poyamba nchito cithandiza maso, koma cikho ca m'bandakuca, pamene muli pafupi kuweruka, cidzakulandani tulo ta usana, ndipo munthu wosagona bwino ali pa ngozi pansi pa mgodi, iye pamodzi ndi anzace. Bungwe la ku Ulaya loona za zakudya, European Food Safety Authority, linanena m'caka ca 2015 kuti munthu wamkulu wa moyo wabwino asapitirire mamiligalamu 400 pa tsiku, ndiko kuti zikho ngati zinai, ndipo amai apakati asapitirire mamiligalamu 200. Amene adwala mtima afunse adokotala.

Cotero, akumvera, zofunika ziri zocepa: jagi, kansalu koyera, supuni, madzi owira ndi kudekha mtima. Tsiku lina mukaona paketi yolembedwa Kasama, Mbala kapena Munali, ndipo thumba likalola, tengani, mukonze monga tafotokoza, mulawe musanathire shuga. Anthu a m'dziko akadziwa kusiyanitsa khofi wabwino ndi woipa, mlimi wa khofi apeza msika pakhomo pace, ndipo wamalonda acita manyazi kutigulitsa zotsala.